Nizakupanga Ngozi: nyimbo yathu imene tinaimvera kwa mlendo

Pa 21 Okutobala 2024, kutatsala masiku atatu kuti Zambia ikwanitse zaka 60 za ufulu, woimba wa ku America wochedwa Tyler, the Creator anatulutsa nyimbo ya "Noid". Patapita sabata imodzi inatulukanso m'cimbale cake ca Chromakopia, cimene cinakwera pamwamba pa zimbale zonse ku America. M'nyimboyo mumamveka gitala yolira mosasa ngati maceka akudula mukwa, kenaka mawu a mwamuna akuimba m'Cinyanja ca m'tauni. Mawuwo ndi a Paul Ngozi. Anatuluka koyamba mu 1977, m'nyimbo ya "Nizakupanga Ngozi" ya gulu la Ngozi Family, m'cimbale ca 45,000 Volts. Pamene dziko lonse linkawamva, mwini mawuyo anali atagona m'manda zaka 35.

Caka cimeneco mukucikumbukira. Mvula inakana, cimanga cinapsa ciri ciimire m'minda, madzi anaphwera ku Kariba, ndipo magetsi ankabwera ngati mfiti: kufika anthu atagona, kucoka kusanace. Cimbale cochulidwa ndi mphamvu ya magetsi cinabwerera ku dziko limene linali mu mdima. Kuno ku Chipata nyimboyo tinaimvera pa mafoni ochajidwa ndi sola m'mababashopu a ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika. Anyamata a njinga oyembekezera makasitomala pa msika ankatumizirana kacidutswa kake, ena akuseka kuti munthu wa ku America waphunzira Cinyanja, osadziwa kuti woimbayo ndi mwana wa ku Chibolya.

Kucokera pamenepo mkangano sunathe. Ndaumva m'minibasi, pa nsolo, ngakhale pa moto wa pa maliro. Uli ndi nthambi zitatu. Madala amati nyimbo zenizeni zinatha ndi m'badwo wawo, ndipo ife a lero tacita kuuzidwa ndi mlendo kuti m'nyumba mwathu muli cuma. Okonda cinenero amati cimene Paul Ngozi ankaimba si Cinyanja ca kuno, ndi ca ku Lusaka, cosakanizasakaniza, ndiye tisadzitame naco. Acinyamata amati Aamerika atibera. Ine ndinabadwa nyimbo zimenezi zitazilala kale, koma ndinakulira pakhomo pamene panali zimbale zake. Aliyense mwa atatuwa wagwira mwendo umodzi wa mbuzi n'kumati ndiyo mbuzi yonse. Tiyeni tiione yonse, kuyambira kumene inabadwira.

Kumene kulira kwa gitala kunacokera

Zambia italandira ufulu mu 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino. Ku Kitwe, Ndola, Chingola, Mufulira ndi Luanshya kunali maholo ndi makalabu a anchito a pa migodi, ndipo m'menemo munkapezeka magitala a magetsi, ng'oma za cizungu ndi zokuzira mawu. Ana a m'makomboni a kumeneko anakula akumva The Beatles, The Rolling Stones ndi Jimi Hendrix, kenaka Deep Purple ndi Black Sabbath. Mu 1970 James Brown mwiniwake anabwera kudzaimba m'Zambia. Anyamata anayamba ndi kutsanzira, monga mwana amayambira kulankhula. Posakhalitsa m'zala mwawo munayamba kutuluka zakwawo: kagundidwe ka ng'oma za kumudzi, kaimbidwe kolandizana ka pa cinamwali ndi pa maliro, ndipo pamwamba pake gitala yodutsa m'kabokosi koponda ndi phazi kochedwa fuzz, kamene kamasasitsa nsambo mpaka kumveka ngati mabvu atsekeredwa m'cigubu. Kusakaniza kumeneko ndiko kunachedwa Zamrock.

Maina ake ndi awa, ndipo ndi bwino kuwadziwa monga timadziwira maina a osewera mpira. Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, imene inakakhwimira ku Nairobi. WITCH ya Emmanuel Chanda, amene anapatsidwa dzina lakuti Jagari potengera Mick Jagger. Cimbale cawo cochuka ca Lazy Bones!! cinatuluka mu 1975. Amanaz ya ku Kitwe, imene caka comweco inatulutsa cimbale ca Africa. Keith Mlevhu, amene ankalowa m'situdiyo yekha n'kuliza zoimbira zonse, cimodzi pambuyo pa cinzace. Panalinso The Peace, Blackfoot ndi ena ambiri.

Masiku ano acinyamata timakonda liwu lakuti indie, kutanthauza woimba wodziimira payekha, wopanda kampani yaikulu kumbuyo kwake. Zamrock inali yotero liwulo lisanafike kuno. A WITCH anajambula cimbale cawo coyamba ku situdiyo ya Malachite ku Chingola, n'kukacidinditsa ku Nairobi, n'kumacigulitsa okha pa madansi. Ku Ndola, Edward Khuzwayo anali ndi sitolo ndi kampani yake ya Zambia Music Parlour, imene inatulutsa zimbale za magulu ambiri mwa awa. Mumzinda womwewo kampani ya Teal inali ndi makina odindira zimbale. Panalibe bwana wa ku London wouza anyamatawa zoimba.

Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma, 95 zikhale za m'Zambia. Colinga cinali cakuti mtundu uzidzimva wokha. Wailesi inasowa zodzazira maola onsewo, ndipo amene anali okonzeka ndi zimbale m'manja anali anyamata a tsitsi lowirira ndi mabuluku otambalala kumapazi. Lamulo lofuna kuteteza mwambo ndi limene linatsegulira khomo gitala ya magetsi.

Mwana wa ku Chibolya

Paul Dobson Nyirongo anabadwira ku Lusaka mu 1949, nakulira ku Chibolya, komboni imene ngakhale lero anthu amaichula motsitsa mawu. Analiza gitala m'gulu la Musi-O-Tunya ku Kenya, ndipo atabwerera kwawo anayambitsa Ngozi Family, Chrissy Zebby Tembo ali pa ng'oma, Tommy Mwale pa gitala ya besi. Dzina lakuti Ngozi linamuyenera cifukwa ca zimene ankacita pa siteji, mpaka kuliza gitala ndi mano. Mu 1976 anatulutsa Day of Judgement, mu 1977 45,000 Volts, ndipo m'nyengo yomweyo The Ghetto.

Anzake ambiri ankaimba kwambiri m'Cizungu. Iye Cizungu ankaimbanso, koma anthu wamba anamukondera nyimbo za m'cinenero ca m'komboni zonena za m'komboni: njala, ulesi, maukwati osokonekera, makolo otayirira ana cifukwa ca mowa. "Nizakupanga Ngozi" ndi imodzi mwa zimenezo. Nkhani yake ndi yaing'ono ngati khomo la nyumba ya lendi. Mwini nyumba akucenjeza wobwera kudzaceza kuti asiye lilime lalitali kunja, cifukwa iye misece sagwirizana nayo. Mutu wa nyimboyo ndi ciopsezo, komanso ndi nthabwala pa dzina la woimbayo.

Aliyense wokhala m'komboni akuidziwa nkhani imeneyi. Makoma athu ali ndi makutu. Cimene mwakambirana usiku ndi mkazi wanu, m'mawa cafika kale pa mpopi, masana ciri pa cigayo citamera miyendo ina. Tyler, the Creator m'nyimbo yake akudandaula za anthu omutsata ndi mafoni ndi makamera, alendo odziwa kumene amagona, maso osamulola kupuma. Sanatole mawu a Ngozi cifukwa congomveka acilendo. Matenda ake ndi amodzi: Chibolya wa 1977 ndi Los Angeles wa 2024 onse akudwala lilime ndi diso la mnansi. Ndipo ife amene timadzuka n'kupeza cithunzi cathu cikuzungulira pa WhatsApp tisanasambe m'maso, nyimboyi ikutikhudza kuposa mmene inakhudzira makolo athu.

Mmene inafikira kum'mawa

Chipata, amene atsamunda ankamucha Fort Jameson, ali kutali ndi kumene nyimbozi zinkaphikidwa. Kucokera ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, kutsika ndi kukwera mapiri a ku Luangwa. Kuno kunalibe makina odindira zimbale. Nyimbo zinkabwera pa wailesi ndi pa basi. Wailesi ya boma, imene madzulo inkasonkhanitsa mabanja kumvetsera nthano za Julius Chongo mu Poceza m'Madzulo, ndi yomweyo inkaliza Zamrock. Ukapotoza pang'ono kasingano, unkagwira MBC ya ku Malawi, kuseri kwa malire a Mwami. Makutu a ku Chipata akhala akudya m'miphika iwiri kuyambira kale.

Amalume anga ankagwira nchito ya umakanika ku Lusaka zaka zimenezo. Amati pobwera ku chuthi ca Khirisimasi ankakulunga zimbale m'citenje n'kuziika pakati pa zobvala, kuopa kuti kutentha kwa m'cigwa ca Luangwa kungazipinde. Akafika kumudzi, njira ya ku Mtenguleni, ankalumikiza gumbagumba ku batire ya galimoto, ndipo anyamata ndi atsikana a midzi itatu ankasonkhana. Mpaka lero akamakamba zimenezi maso awo amawala.

"Mphwanga," amatero, "ija inali nyimbo. Munthu ankatuluka thukuta pa gitala. Osati za lomba izi, kamwana kadina batani pa kompyuta, ati ndine woimba."

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Nanga ambuya ankati ciani mukaliza zimenezo, amalume?"

Anayamba aseka. "Ankati ndi phokoso la osuta camba. Ankatithamangitsira kuseri kwa khola, kuti tikasokoneze ng'ombe m'malo mwa anthu. A ku chalichi ndiye osanena."

Apa ndi pamene mwendo wa madala umathera. Cimene lero akucicha mwambo wathu wotayika, makolo awo ankacicha kutaya mwambo. Mawu amene amalume amanenera mwana wa pa kompyuta ndi omwewo ambuya ankanenera iwo. M'badwo uliwonse umaona ngati nyimbo zabwino zinatha caka cimene unakwatira. Ndipo tinene zoona mwaulemu: si ife amene tinasiya Zamrock. Ife tinali tisanabadwe. Amene anaisiya ndi omwe ankaibvina, pamene anatembenukira ku disko, ku rumba ya ku Zaire, ndi ku kalindula ya P.K. Chishala ndi Amayenge m'zaka za m'ma 1980. Sindikuwanena, pakuti kalindula nayonso ndi yathu, ndipo khutu la munthu limasintha. Koma zimbale zija zinathera pa makoma ngati zokongoletsa, zina ana akuzikunkhuniza m'njira ngati mawilo. Amalume anasungako zocepa m'thiranki, pansi pa masatifiketi a sukulu. Ambiri sanasunge n'cimodzi comwe.

Komabe madala ali ndi mfundo imene sitiyenera kuiseka. Iwo sakulira nsambo za gitala cabe. Akulira nthawi imene mwana wa mlimi wa ku Chipata ankapita ku tauni n'kupeza nchito, n'kubwera ndi cimbale ndi shuga wa amai. Akamva gitala ya Ngozi, amamva fungo la dziko limene linkakhulupirira kuti mawa adzaposa lero. Wacinyamata amene ali ndi satifiketi ya Giredi 12 koma akupalasa njinga ya makasitomala ayenera kumvetsa cifukwa cake mdala amatseka maso nyimboyo ikamalira.

Cinyanja ca yani?

Nthambi yaciwiri ndi ya cinenero. Mphunzitsi wina wopuma nchito, amene timakhala naye pafupi, sabisa maganizo ake. "Mwana wanga," amandiuza, "munthu wophunzira amati ndidzakupanga, osati nizakupanga. Ico n'Cinyanja ca pa siteshoni ya basi." Kwa iwo Cicewa ceniceni ndi cimene cimamveka ku Mkaika pa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndi cimene ciri m'mabuku a sukulu ndi m'Baibulo.

Ndimawalemekeza, cifukwa popanda anthu ngati iwo sitikanatha kulemba monga ndikulemberamu. Koma tiyeni tifunse kumene Cinyanja ca ku Lusaka cinacokera. Lusaka anakhala likulu mu 1935. Anthu a kum'mawa, Acewa, Ansenga, Angoni, Akunda ndi Atumbuka, anakhamukira kumeneko kukafuna nchito. Apolisi ndi asilikali a boma la atsamunda ankagwiritsa nchito Cinyanja pakati pawo. M'makomboni a Chibolya, Matero ndi Kanyama zinenero za kwathu zinakumana ndi Cibemba, Cilenje, Cisoli, Citonga ndi Cizungu, ndipo panabadwa mwana. Mwanayo ndiye Cinyanja ca m'tauni. Anakulira kutali, anatengera makhalidwe a kumeneko, koma nkhope yake ndi ya kuno.

Ka "ni" kamene aphunzitsi amadana nako si kacilendo ku Chipata. Ansenga amati "ni" pamene Acewa amati "ndi". Angoni a Zwangendaba ataoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, gulu la Mpezeni linadzakhala pakati pa Ansenga, linakwatira ana awo, ndipo ana anatengera cinenero ca amai awo. Ndico cifukwa cake pa Nc'wala ku Mtenguleni, kupatula m'nyimbo zakale za ngoma, mumamva anthu akulankhula ndi "ni" yemweyo. Ngakhale "manje" wa ku Lusaka ndi liwu la zinenero za kum'mwera kumene Angoni anacokera. Munthu wa ku Chipata wonena kuti cinenero ca Ngozi n'cacilendo ali ngati agogo okana mdzukulu cifukwa wabwera atabvala jini.

Onaninso maina a gululo: Nyirongo, Tembo, Mwale. Mphunzitsi aliyense wa ku Lundazi, Petauke kapena Katete amawaitana m'kaundula m'mawa uliwonse. Paul Ngozi ndi mwana wa Lusaka, ndipo a ku Chibolya sitingawalande. Koma lilime limene anaimbira linatuluka kuno, linakwera basi, linakagona m'nyumba za lendi, n'kubwerera pa cimbale. Cinenero cokhala m'buku mokha cimafanana ndi suti ya pa ukwati. Cimene Ngozi anacita ndi kucibveka ovolosi n'kucituma ku nchito. Ziwirizi tikuzifuna zonse.

Kodi anatibera?

Nthambi yacitatu ndiyo imatentha kwambiri pakati pa ife acinyamata. Kuti tiiweruze bwino tiyenera kudziwa mmene Zamrock inafera, cifukwa siinafe ndi nthenda imodzi.

Mu Januwale 1973 boma la Ian Smith linatseka malire a Rhodesia ndi Zambia. Caka comweco mtengo wa mafuta unakwera pa dziko lonse. Pofika mu 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa. Ndalama zakunja zinasowa, ndipo nsambo za gitala, zokuzira mawu ndi zopangira zimbale zonse zinkacokera kunja. Munthu amene akuima pa mzere wa unga ndi sopo sagula cimbale. Mu 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi Lusaka ndi ku Mkushi, kumene Alick Nkhata, kholo la oimba a pa wailesi m'dziko muno, anafera. Boma linaletsa kuyenda usiku ndi kuyatsa nyali, ndipo gulu loimba likalandidwa usiku lalandidwa munda. Eni mabala anaona kuti munthu mmodzi woliza zimbale za disko ndi wochipa kuposa anyamata asanu ndi zida zawo. Makaseti okopera anadzaza misika, woimba osalandirapo ngwee.

Kenaka kunabwera Edzi. Mu 1987 Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wake anamwalira ndi matendawa, pa nthawi imene mabanja ambiri ankangonong'ona. M'badwo wa oimbawo unapululuka. Mwa anyamata amene anaimba Lazy Bones!! anatsala Jagari yekha, amene anakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40.

Kwa zaka pafupifupi 20 nyimbozi zinali zii. Amene anayamba kuzifunafuna anali osonkhanitsa zimbale zakale a ku Ulaya ndi ku America. Kampani yaing'ono ya ku Los Angeles ya Now-Again Records, ya Eothen Alapatt, inagwirizana ndi Rikki Ililonga ndi Jagari n'kuyamba kuzitulutsanso kuyambira ca m'ma 2010. Nyimbo zina anacita kuzitenga pa zimbale zakale zokandika, cifukwa matepi oyambirira anasowa. Mu 2017 anatulutsa Welcome to Zamrock!, zimbale ziwiri zosonkhanitsa magulu ambiri, ndipo pambuyo pake 45,000 Volts inatulukanso. Mu 2019 Gio Arlotta wa ku Italy anatulutsa filimu yonena za WITCH. Jagari anabwerera pa siteji ali mdala, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa cimbale catsopano ca Zango. Caka comweco Travis Scott anatenga kacidutswa ka nyimbo ya Amanaz n'kuika mu "Sirens". Umu ndi mmene mawu a mwana wa ku Chibolya anafikira m'makutu a Tyler.

Tsono kuba n'kutani? Wakuba amatenga mwini osadziwa, n'kufufuta dzina. Pa "Noid" dzina la Paul Nyirongo lalembedwa pakati pa olemba nyimboyo. Lamulo la Zambia la mu 1994 loteteza za olemba ndi oimba limati nyimbo imakhala ya mwini ndi olowa m'malo mwake mpaka zaka 50 iye atamwalira. Ndiye mlandu wa kuba, pa nyimbo iyi, sungaime pa bwalo la mfumu iliyonse. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mlendoyu anapeza tsitsi lathu litawirira, natimeta.

Koma mkwiyo wa acinyamata suli wopanda pake, wangolasa nyama ina. N'zowawa kuti cimbale ca Ngozi Family codindidwa catsopano cimagulidwa ndi madola, pa mtengo umene mnyamata wa njinga angapalasire masiku angapo. N'zowawa kuti mwana wa ku Tokyo kapena ku Berlin akhoza kukuuza amene ankaliza ng'oma pa cimbale ca 1977, pamene wa ku Kapata anamva dzina la Paul Ngozi koyamba kwa munthu wa ku California. Funso loyenera si lakuti n'cifukwa ciani iwo anatola. Ndi lakuti n'cifukwa ciani cinali pansi.

Ndipo si zoona kuti a kwathu onse anagona. Sampa the Great, mwana wa a Tembo wobadwira ku Ndola, anabwerera kumudzi n'kutulutsa "Never Forget" mu 2022 pamodzi ndi Chef 187, Tio Nason ndi Mwanjé, nyimbo yoimirira pa Zamrock ndi kalindula, ndipo m'cimbale comweco anaimba ndi WITCH. Anacita zimenezi Tyler asanabwere. Kusiyana kwake n'kwakuti wa kwathu akanena timati tamva, mlendo akanena timati zoona.

Cimene catsalira ife

Ndikafunsidwa kuti nyimboyi ndi ya yani, ndimayankha motere. Pa lamulo ndi ya banja la Nyirongo. Pa kubadwa ndi ya Chibolya. Pa lilime ndi mdzukulu wa kum'mawa. Pa cikumbumtima ca unyamata ndi ya amalume ndi anzawo amene anaibvina kuseri kwa khola. Koma nyimbo ikafika zaka 47 ili moyo, mbali ina imakhala ya amene anaisunga, ndipo pamenepo dzina lathu palibe. Ku Kabwata ku Lusaka kuli mseu wochedwa Paul Ngozi. Ndi ulemu wabwino, koma mseu suimba.

Cimene cimandiopsa si za 1977, ndi za lero. M'makomboni a Chipata muli masitudiyo ambiri kuposa amene Zambia yense anali nawo m'masiku a Ngozi: kacipinda kamodzi, laputopu, maikolofoni, matiresi okhomedwa ku khoma kuti phokoso la pa njira lisalowe. Mukutuluka nyimbo za Cinsenga, Cicewa, Citumbuka ndi Cinyanja ca m'tauni, zina zabwino zedi. Zina zimalira pa Breeze FM ndi mawailesi ena a kuno kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Pambuyo pake zimakhala kuti? Pa memori khadi, pa WhatsApp, pa laputopu ya wojambula imene mawa ikhoza kugulitsidwa kuti alipire lendi. Cimbale ca pulasitiki cinapirira zaka 40 m'thiranki ya amalume, cokandika koma cikulira. Foni ikagwera m'cidebe ca madzi, nyimbo za caka conse zapita. Cimbale ca Ngozi cinali ndi cikuto colembedwa maina ndi caka. Nyimbo zathu zambiri zimayenda ndi dzina la fayilo lokha, wopanga biti osachulidwa, tsiku osalembedwa. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Nchito yake si ya boma lokha, ndipo siyofuna madola. Woimba alembe amene anapeka mawu, amene anapanga biti, kumene anajambulira ndi tsiku lake, ndipo agwirizane za magawo nyimbo isanachuke, cifukwa ikachuka ubale umatha. Alembetse nyimbo zake ku ZAMCOPS, bungwe limene limatolera ndalama za oimba. Asunge fayilo yoyambirira m'malo atatu, limodzi likhale pa intaneti, ndipo m'bale mmodzi adziwe mmene angaipezere. Amene muli ndi amalume kapena ambuya amene anabvina Zamrock, kalindula, vimbuza kapena cimtali, khalani nawo pansi, yatsani cojambulira mawu ca pa foni yomweyo, muwafunse amene ankaimba, kumene ankabvinira, zimene ankabvala ndi zimene makolo awo ankanena. Mukapeza cimbale cakale m'thiranki, musacipukute ndi nsanza ya mafuta kapena kuciika padzuwa. Ciimikeni coongoka pamthunzi, ndipo jambulani cikuto cake mbali zonse ziwiri.

Mkangano wa "Nizakupanga Ngozi" upitirire, cifukwa nyimbo imene anthu akuikanganirana ndiye kuti ili moyo. Madala apitirize kunena kuti kale kunali bwino, aphunzitsi apitirize kutikonza malembedwe, ndipo acinyamata tipitirize kufunsa kumene ndalama zikupita. Koma m'caka ca 2070 mwana wina wa ku Mchini adzamva kacidutswa ka mawu a agogo ake m'nyimbo ya mlendo, ndipo adzafuna kudziwa kuti woimbayo anali ndani. Yankho limene adzapeze, kapena limene sadzapeza, likulembedwa caka cino m'kacipinda ka matiresi ku khoma.